Jesse James: anali mtetezi wa amphawi kapena wachifwamba wokhetsa magazi?

Bambo Chisale:
Ndakupatsani moni nonse a m'gulu lino. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizunguza mutu kwa masabata angapo, ndipo ndikupempha amene mukuidziwa bwino kuti tiunikire limodzi. Mdzukulu wanga anandifunsa za Jesse James, chigawenga cha ku America chimene chinkathyola mabanki ndi kubera sitima zapamtunda, ndipo iye anamva zoti munthuyu ankalanda chuma kwa olemera n'kumagawira osauka. Ine dzinali ndinayamba kulimva kwa malume anga amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, kumene makanema a makauboyi ankaonetsedwa m'makomboni, ndipo iwonso ankamutchula ngati ngwazi.

Nditayamba kuwerenga mbiri yake, chinthu choyamba chimene chinandidabwitsa ndi banja limene anachokera. Jesse anabadwa pa 5 Sepitembala 1847 m'boma la Clay, m'chigawo cha Missouri. Bambo ake, a Robert James, anali mbusa wa mpingo wa Baptist komanso mlimi wopeza bwino, ndipo anali ndi akapolo. Mbusayu anapita ku California mu 1850, nthawi imene anthu ankathamangira golide, ndipo anamwalira komweko. Mayi ake, a Zerelda, pambuyo pake anakwatiwa ndi dokotala dzina lake Reuben Samuel, ndipo akapolo anapitiriza kulima minda ya banjalo. Funso langa ndi ili: mwana wa pakhomo losunga akapolo anasanduka bwanji mtetezi wa amphawi m'makutu mwa anthu, mpaka mbiri yoteroyo kufika kwathu kuno?

Kondwani:
Zikomo Bambo Chisale chifukwa cha nkhaniyi. Ine ndikupempha kuti tisafulumire kumuweruza tisanaone zimene zinamuchitikira ali mwana. M'chaka cha 1863, nkhondo yapachiweniweni ili m'kati, asilikali a mbali ya boma anafika pakhomo pawo kudzafunafuna mkulu wake Frank, ndipo anamangirira chingwe m'khosi mwa a Samuel n'kumawakoka pamtengo kuti aulule kumene Frank anabisala. Jesse anali ndi zaka 15 zokha pamene zimenezi zinkachitika. Mnyamata amene waona bambo omulera akuzunzidwa chonchi sangakule ndi mtima wokonda boma.

Chachiwiri n'chakuti makampani a njanji a nthawiyo sanali oyera. Alimi ankadandaula kwambiri ndi mitengo yonyamulira mbewu zawo, ndipo maboma angapo a ku Missouri analowa m'ngongole zazikulu pofuna kuti njanji idutse kwawo. Pamene gulu la Jesse linaimitsa sitima pa Gads Hill pa 31 Januwale 1874, nyuzipepala zinalemba kuti achifwambawo ankayang'ana manja a anthu apaulendo, ndipo amene anali ndi zikhatho zolimba chifukwa cha ntchito ankawasiya osawalanda kanthu. Kwa ine zimenezi zikusonyeza kuti ankadziwa amene akulimbana naye.

Mayi Nabanda:
Kondwani mwana wanga, zimene wanena za a Samuel ndi zoona, ndipo palibe amene angazivomereze. Komabe tifunse kuti asilikaliwo ankamufuniranji Frank. Chigawo cha Missouri sichinachoke m'chitaganya cha America, koma anthu ake anagawanika, ndipo oikira kumbuyo ukapolo anapanga timagulu ta zigawenga za m'tchire timene tinkapha anthu oyandikana nawo nyumba amene ankakhulupirika ku boma. Frank anali m'timagulu timeneti. Mu Ogasiti 1863 iye anali m'gulu la William Quantrill limene linalowa m'tauni ya Lawrence ku Kansas m'mamawa n'kupha amuna ndi anyamata pafupifupi 150, ambiri a iwo ali m'makomo mwawo opanda chida chilichonse.

Jesse analowa m'tchire mu 1864 ali ndi zaka 16, ndipo anatsatira mtsogoleri wankhanza kuposa onse, William Anderson, amene ankatchedwa Bloody Bill. Chimene ndikufuna kuti aliyense achisunge ndi ichi: sitima yoyamba imene gulu la Jesse linaimitsa sinali ya ku Gads Hill ayi. Pa 27 Sepitembala 1864, anthu a Anderson anaimitsa sitima pa Centralia, natulutsamo asilikali oposa 20 amene ankapita kutchuthi opanda mfuti, nawavula zovala, n'kuwawombera ali chiimire. Masana a tsiku lomwelo anabisalira asilikali amene anawatsatira, napha oposa 100, kuphatikizapo amene anakweza manja, ndipo mitembo ina anaiduladula. Kumeneku ndiye kusukulu kumene mnyamatayu anaphunzira ntchito yake. Sanaphunzire kumvera chisoni osauka, koma kuti munthu wa mbali ina safunika kumusiya wamoyo. Ndipo mbali imene iye ankamenyera inali yofuna kuti anthu akuda akhalebe katundu wa anzawo, nkhani imene ife sitingaidumphe ngati yaing'ono.

Kondwani:
Ndamva mayi, ndipo za ku Centralia sindingaziteteze. Koma nkhondo itatha mu 1865, kodi anthu ngati iyeyu anapatsidwa mpata wobwerera ku moyo wabwinobwino? Iye anawomberedwa pachifuwa pafupi ndi Lexington chaka chomwecho, ndipo malamulo atsopano a Missouri analetsa onse amene anathandiza oukira boma kuvota, kuphunzitsa, kulalikira ngakhale kugwira ntchito ya uloya. Munthu ukamutsekera makomo onse, amatulukira pawindo.

Bambo Chisale:
Malamulo amenewo analipodi, koma anagwera anthu masauzande ambiri, ndipo pafupifupi onsewo anabwerera kumunda. Komanso chiletso cha kuvota chinachotsedwa mu 1870, pamene zauchifwamba zikuluzikulu za Jesse zinachitika pambuyo pa chakacho. Ine ndikuona kuti yankho la funso langa lagona pa zimene zinachitika ku Gallatin pa 7 Disembala 1869. Tsikulo anthu awiri analowa m'banki ya m'tauniyo, ndipo mmodzi anawombera wosunga ndalama, John Sheets, pomuyesa kuti ndi Samuel Cox, msilikali amene anatsogolera gulu limene linapha Bloody Bill Anderson. Anapha munthu wolakwika, ndipo ndalama zimene anatenga sizinali zoti n'kuzitchula. Apa m'pamene dzina la Jesse James linayamba kutuluka m'nyuzipepala.

Kuchokera pamenepo panabwera munthu amene ndikumuona ngati mmisiri weniweni wa mbiri imene mdzukulu wanga anamva. Dzina lake ndi John Newman Edwards, mkonzi wa nyuzipepala ya Kansas City Times, amene pankhondo anali msilikali wa mbali youkira pansi pa Jo Shelby. Edwards ankasindikiza makalata okhala ndi dzina la Jesse, mmene iye ankakana milandu yonse n'kumati akuzunzidwa chifukwa cha ndale. Mu Sepitembala 1872, achifwamba atalanda ndalama za pakhomo pa chionetsero cha ku Kansas City, khamu la anthu likuona, ndipo kamtsikana kena katavulazidwa ndi chipolopolo, Edwards analemba zotamanda kulimba mtima kwa achifwambawo. Cholinga chake chinali kudzutsa mtima wa anthu amene anagonja pankhondo kuti atengenso ulamuliro wa Missouri, ndipo Jesse anali chida chake. Ndafufuza ngati pali wamasiye kapena mlimi mmodzi amene umboni umasonyeza kuti analandira ndalama zakubazo, koma akatswiri a mbiri amagwirizana kuti umboni woterowo palibe. Ndalamazo ankagawana okha.

Bambo Mwale:
Ndalola kuti ndiyankhulepo chifukwa ine ndinagwira ntchito ya njanji kwa zaka zambiri, ndipo mawu akuti "kubera sitima" amamveka opepuka kwa munthu amene sanakhalepo kumutu wa sitima usiku. Oyamba kuchita zimenezi ku America nkhondo itatha anali abale a banja la Reno, pafupi ndi Seymour ku Indiana mu 1866. Chimene achifwamba ankafuna kwenikweni sichinali matumba a apaulendo. Masiku amenewo ndalama ndi golide zinkayenda m'bogi yapadera ya makampani otumiza katundu, ngati Adams Express, ndipo m'bogimo munkakhala bokosi lachitsulo ndi munthu mmodzi wosunga makiyi. Vuto la wakuba linali kuimitsa sitima pamalo opanda anthu, ndipo njira zake zinali kulanda kasiteshoni kakang'ono n'kuonetsa chizindikiro choimitsira, kutseka njanji ndi mitengo, kapena kuigwetsa sitimayo.

Pa 21 Julaye 1873, pafupi ndi Adair ku Iowa, gulu la abale a James ndi abale a Younger linasankha kuigwetsa. Anamasula chitsulo chimodzi cha njanji pamalo okhota, nachimangirira chingwe, ndipo sitima ya kampani ya Rock Island itayandikira anachikoka. Ndikufuna Kondwani aganizire bwino zimenezi. Sitima siima ngati njinga. Woyendetsa akaona njanji itasuntha patsogolo pake, amadziwa kuti mtunda wotsala sungakwane, ndipo mutu wa sitima ya malasha ukagubuduka pamakhala moto, madzi owira ndi nthunzi yotentha. Woyendetsa sitimayo, John Rafferty, anafera pomwepo. Munthu ameneyu sanali mwini kampani, anali wantchito wodyetsa banja ndi malipiro a pamwezi, wa zikhatho zolimba ngati zimene akuti ankaziyang'ana pa Gads Hill. Amene anakoka chingwe sankadziwa ngati mabogi a anthu nawonso agubuduzika kapena ayi, ndipo anakokabe. Zonse zimene anapeza zinali madola pafupifupi 3,000, ndipo anthu apaulendo nawonso analandidwa. Kumaso kwawo anavala zophimba za mtundu wa Ku Klux Klan, gulu lachinsinsi la azungu limene linkazunza ndi kupha anthu akuda.

Rafferty sanali yekha. Pa 15 Julaye 1881, pafupi ndi Winston ku Missouri, gulu la Jesse linawombera kondakitala William Westfall ndi munthu wina wapaulendo, Frank McMillan. Ndikamva anthu akuti ankalimbana ndi makampani a njanji, ndimakumbukira kuti eni makampaniwo sankakwera mutu wa sitima, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anafa.

Yamikani:
Ndikutsatira mwachidwi, makolo anga. Chimene sindikumvetsa n'chakuti anthuwa ankadziwika mayina ndi kwawo komwe, ndiye zinatheka bwanji kuti athe zaka zoposa khumi osagwidwa? Kodi boma linali kuti?

Mayi Tembo:
Yamikani, funso lako lili ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi yakuti m'dera lawo anali ndi abale ndi anzawo a kunkhondo amene ankawabisa, kuwapatsa mahatchi ndi kuwachitira umboni wabodza, ndipo amene sankawakonda ankaopa kutsegula pakamwa. Yachiwiri ndi yakuti amene anatumidwa kukawagwira anachita chinthu choipa kwambiri moti anthu anayamba kumvera chisoni achifwambawo.

Pambuyo pa Gads Hill, ntchito yowasaka inaperekedwa kwa kampani yofufuza milandu ya Allan Pinkerton ya ku Chicago. Mu Malichi 1874 wantchito wake Joseph Whicher anapita yekha kufupi ndi famu ya a Samuel akudziyesa wofuna ganyu, ndipo anapezeka ataphedwa m'mbali mwa msewu. Mwezi womwewo wina, Louis Lull, anawomberedwa pomenyana ndi abale a Younger ndipo pambuyo pake anafa ndi mabalawo, pamene John Younger anafera pomwepo. Pinkerton anaitenga nkhaniyi ngati yobwezera. Usiku wa pa 25 Januwale 1875 anthu ake anazungulira nyumba ya a Samuel naponya chinthu choyaka moto kudzera pawindo. Chinthucho chinaphulika, ndipo chinapha Archie Samuel, mwana wa zaka 8, m'bale wa Jesse wa mimba imodzi koma bambo wina. Dzanja lamanja la mayi Zerelda linanyenyeka mpaka linadulidwa. Frank ndi Jesse sanagwidwe. Patapita zaka zambiri panapezeka kalata ya Pinkerton yosonyeza kuti iye analamula kuti nyumbayo itenthedwe.

Ine monga mayi, nkhani ya Archie imandiwawa mofanana ndi ya Rafferty imene Bambo Mwale afotokoza. Kamwanako sikanabe kalikonse. Ndipo imfa yake inathandiza Edwards kuposa zonse zimene iye analembapo, chifukwa chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Missouri inakambirana zokhululukira abale a James ndi a Younger, ndipo aphungu ambiri anavomera, kungoti chiwerengero sichinakwane magawo awiri mwa atatu amene ankafunika.

Bambo Mwale:
Mayi Tembo, ndikugwirizana nanu kuti zimene anachita anthu a Pinkerton unali mlandu wakupha, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti palibe amene analangidwa. Ndingowonjezera kuti mu Epulo chaka chomwecho mlimi woyandikana nawo, Daniel Askew, amene ankaganiziridwa kuti anathandiza ofufuzawo, anawomberedwa pakhomo pake penipeni. Anthu oyandikana nawo anamva uthengawo, ndipo Yamikani apeze pamenepo chifukwa china chimene mboni zinkasowera.

Bambo Chisale:
Mfundo imeneyi ikuonekera bwino tikaona zimene zinachitika atapita kudera kumene kunalibe owabisa kapena owaopa. Pa 7 Sepitembala 1876 amuna asanu ndi atatu anafika m'tauni ya Northfield ku Minnesota, kutali kwambiri kumpoto, kuti athyole First National Bank. Achifwambawo ankakhulupirira kuti m'bankimo munali ndalama za Adelbert Ames, amene anali mkulu wa asilikali a boma pankhondo, kenaka bwanamkubwa wa Mississippi, choncho ngakhale apa chidani cha kunkhondo chinalipo. Wosunga ndalama tsikulo, Joseph Lee Heywood, anakana kutsegula bokosi lachitsulo ngakhale anamuika mpeni pakhosi ndi kumumenya m'mutu ndi mfuti. Anawanamiza kuti loko wake amatseguka pa nthawi yoikika yokha. Kunja eni tauni anazindikira zimene zikuchitika, natenga mfuti m'masitolo, nayamba kuwombera ali m'mawindo ndi m'makona a nyumba. Achifwamba awiri, Clell Miller ndi Bill Chadwell, anafera mumsewu. Pothawa, mmodzi wa amene anali m'kati anawombera Heywood m'mutu, ndipo mumsewu anaphanso Nicolaus Gustafson, mlendo wochokera ku Sweden. Ndalama zimene anatuluka nazo sizinakwane madola 30.

Patatha masabata awiri, abale atatu a Younger anagwidwa pafupi ndi Madelia ali ndi mabala ambiri, ndipo mnzawo Charlie Pitts anaphedwa. Cole, Jim ndi Bob anavomera mlandu kuti apewe chingwe, napatsidwa ukaidi wa moyo wonse kundende ya Stillwater. Frank ndi Jesse okha ndi amene anapulumuka, ndipo anakabisala kufupi ndi Nashville ku Tennessee, Jesse akudzitcha Howard, Frank akudzitcha Woodson. Chimene chimandikhudza n'chakuti kumeneko anali ndi mpata umene Kondwani ankaufunsa uja. Palibe ankawadziwa, ndipo Frank anakhazikika n'kumagwira ntchito. Jesse sanathe kukhala chete. Mu Okutobala 1879 anasonkhanitsa gulu latsopano nabera sitima pa Glendale, ndipo ambiri mwa anthu amene anawatenga ulendo uno sanali anzake a kunkhondo, anali anyamata ongofuna ndalama.

Kondwani:
Makolo anga, ndavomera kuti mawu akuti ankagawira osauka ndinangowamva ndipo ndinawakhulupirira osafunsa. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo imfa ya woyendetsa sitima ija sindinkaidziwa n'komwe. Koma pali chimodzi chimene sindikutha kuchimeza, ndicho mmene boma linamuphera. Bwanamkubwa wa Missouri, Thomas Crittenden, anapempha makampani a njanji kuti apereke ndalama za mphotho, ndipo anakumana mwachinsinsi ndi Robert Ford, mnyamata wa zaka 20 amene mkulu wake Charley anali m'gululo. Jesse anawalandira anyamata awiriwa m'nyumba yake ku St. Joseph, kumene ankakhala ndi mkazi wake ndi ana awiri, ndipo ankadya nawo mbale imodzi. M'mawa wa pa 3 Epulo 1882, iye atavula mfuti zake n'kukwera pampando kuti akonze chithunzi cha pakhoma, Robert anamuwombera kunkhongo. Anali ndi zaka 34, ndipo ana ake anali pakhomo pomwepo. Abale a Ford anavomera mlandu wakupha, naweruzidwa kuti anyongedwe, ndipo bwanamkubwa anawakhululukira tsiku lomwelo. Ngati munthuyu anali ndi milandu yonse imene mwatchulayi, bwanji sanamugwire kuti akayankhe kukhoti?

Mayi Nabanda:
Apa ndili nawe, Kondwani. Boma limene likugwirizana ndi wachifwamba kuti aphe mnzake kunkhongo ladzichotsera lokha ulemu, ndipo anthu ambiri a nthawiyo, ngakhale amene ankadana ndi Jesse, ananyansidwa nazo. Chondiwawa kwambiri n'chakuti chipolopolo cha Ford chinalanda mabanja a Sheets, Rafferty, Heywood ndi Westfall mwayi womva mlandu wa abale awo ukuzengedwa poyera, ndipo chinachititsa kuti anthu azikumbukira mmene iye anafera m'malo mwa mmene anaphera ena.

Koma tionenso zimene khoti linachita ndi mkulu wake. Frank anadzipereka yekha kwa Crittenden mu Okutobala 1882. Mu 1883 anazengedwa mlandu ku Gallatin pa imfa ya McMillan, ndipo Jo Shelby, yemwe uja anali mkulu wa Edwards pankhondo, anabwera kudzamuikira kumbuyo monga mboni. Anapezeka wosalakwa. Mu 1884 anazengedwanso mlandu wina wa kuba ku Huntsville, Alabama, ndipo anamasulidwanso. Munthu amene anali ku Lawrence ndi ku Centralia sanalangidwe ndi khoti lililonse, anagulitsapo nsapato, anagwirapo ntchito ya pakhomo la nyumba ya zisudzo ku St. Louis, ndipo anamwalira ali nkhalamba mu 1915. Sindikunena kuti zimenezi zikuyeretsa bwanamkubwa, koma zikusonyeza chifukwa chimene iye sankakhulupirira oweruza a m'deralo.

Yamikani:
Nanga abale a Ford zinawathera bwanji, ndipo banja la Jesse linatsala ndi chuma chotani pa zonse zimene anabazo?

Mayi Tembo:
Abale a Ford analandira kachigawo kochepa chabe ka mphotho ija, ndipo kwa kanthawi ankayendayenda m'nyumba za zisudzo kumaonetsa mmene anamuphera. Charley anadzipha mu 1884 akudwala, ndipo Robert anawomberedwa mu 1892 ku Creede, Colorado, ndi munthu wotchedwa Edward O'Kelley.

Za chuma, mkazi wake ndiye mboni. Dzina lake anali Zerelda Mimms, wachibale wake amene anamudwazika atawomberedwa mu 1865, ndipo anakwatirana mu 1874. Mayiyu anakhala zaka zisanu ndi zitatu akusamukasamuka ndi dzina labodza, anaika m'manda ana amapasa ali makanda, ndipo ana amene anatsala sanadziwe dzina lenileni la bambo awo mpaka bambowo ataphedwa. Mwamuna wake ataphedwa, anagulitsa katundu wa m'nyumba kuti apeze pogwira, nakakhala modalira abale mpaka imfa yake mu 1900. Apongozi ake, mayi a dzanja limodzi aja, anaika mwana wawo m'manda pabwalo la nyumba yawo kuti anthu asabe mtembo, ndipo alendo akabwera kudzaona mandawo ankawagulitsa timiyala ta pamanda pa masenti 25 kamodzi. Timiyalato tikachepa, ankakatola tina kumtsinje wapafupi n'kudzathiranso.